Ulendo woyamba pandege: momwe mungayendere kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London

Pasipoti ndi viza ya ku UK ndikuyesa muli nazo kale, ndiye tiyambire pa tikiti. Palibe ndege yonyamuka kuno n'kukatera ku Ulaya osaima panjira. Ena amadzera ku Nairobi, ena ku Johannesburg, koma ine ndikamba za njira ya ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines chifukwa ndi imene ndinayendamo.

Chenjerani ndi maejenti a m'makonde aja okupatsani pepala lokongola chonsecho angokusungitsirani malo osalipira. Tikiti yeniyeni imakhala ndi manambala 13, ndipo ya Ethiopian imayamba ndi 071. Lowani pa webusaiti ya kampaniyo, lembani dzina lanu ndi kodi ya booking yanu, mudzionere nokha. Za mapaundi pitani kubanki nthawi ikadalipo, tikiti ndi pasipoti zili m'manja. Mavenda amachita changu, inde, koma mtengo wake ndi wolira nawo, ndipo akakusakanizirani yabodza mukaidziwira kutali.

Polongeza, chikwama chachikulu chisapitirire makilogalamu 23. M'kachikwama ka m'manja muikemo mankhwala anu, power bank, chaja ndi juzi. Chamadzimadzi chilichonse choposa 100ml, kaya ndi Nali, kaya ndi mafuta odzola, chipite m'chachikulu, apo ayi muchisiya pamashini ounikira katundu pabwalo la ndege. Usipa wouma ku UK umalowa, koma nyama ndi zamkaka salola.

Fikani pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kutatsala maola atatu. Popereka katundu, yang'anani kapepala komwe amata pachikwama, pakhale palembedwa LHR, chidule cha bwalo la Heathrow ku London. Mukatero chikwamacho mukachionera ku London, ku Addis musavutike kuchisaka.

Za mantha: ndege ikamanyamuka mimba imachita ngati yatsala pansi, makutu n'kutseka. Tafunani chingamu kapena mezani malovu, atseguka. Ikayamba kugwedezeka m'mitambo, ndi chimodzimodzi minibasi pamsewu wa mabampu, mangani lamba basi. Mpando wa pafupi ndi mapiko sugwedezeka kwambiri, ndipo wa m'mbali mwa kanjira umathandiza kuti mupite kuchimbudzi osadzutsa anzanu.

Tsopano pa Addis, apa mumvetsetse, chifukwa ine ndi pomwe ndinatsala pang'ono kusiyidwa. Nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo komwe muli, osati za kwathu. Ethiopia ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Foni yanu ikakhala yopanda netiweki imatha kumangosonyeza nthawi ya ku Lilongwe, inu muli phee pampando kumati nthawi ilipo, anzanu akukwera. Mukangotera pa bwalo la Bole, sinthani nthawi pafoni ndi dzanja, kapena muzidalira mawotchi a pabwalopo.

Chachiwiri, musatsatire gulu mwachimbulimbuli, ena mwa iwo afika kwawo. Inu tsatirani zikwangwani zolozera okasintha ndege, za Transfer. Mudzadutsanso pamashini kachiwiri, ndipo usiku mzere wake umatalika zedi chifukwa ndege zambiri za ku Ulaya zimanyamuka nthawi imeneyo. Madzi omwe munatsala nawo m'botolo mumwe musanafike pamenepo. Nambala ya geti yolembedwa pa boarding pass, kapepala kokwerera ndege, musaikhulupirire kwambiri, imasintha. Yang'anani nambala ya ndege yanu pa masikirini, pitani mukalione getilo ndi maso anu, kenako ndiye muganize za khofi. Ine tsiku limenelo ndinathamanga lamba wa thalauza ali m'manja, dzina langa likuitanidwa pa zokuzira mawu, katchulidwe kake koti ndinachita kumva kachitatu kuti akunena ine. Ndiye makutu akhale tcheru.

Kuchoka apo ndi maola pafupifupi asanu ndi atatu. Chakudya munalipira kale pa tikiti, musakane poopa bilu. Imwani madzi, muziimirira kuwongola miyendo, gonani.

Ku Heathrow mutsikira ku Terminal 2. A imigireshoni akufunsani komwe mukafikire ndi tsiku lobwerera, choncho adiresi ndi tikiti yobwerera zikhale papepala, osati m'foni mokha. Tengani chikwama, valani juzi ija, ndipo ngati palibe wokuchingamirani kwerani sitima ya Piccadilly line. Matakisi akumeneko asiyeni, atha kukuthererani ndalama ya sabata yonse.