Momwe wapampando angaunikire utsogoleri wake

Kaya mukutsogolera banki m'khonde ku Linthipe, kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere ku Tsangano, kapena komiti ya chitukuko ya VDC m'mudzi mwanu, nthawi yabwino yodziunika ndi pamene gulu langogawana ndalama kapena langomaliza kugulitsa zokolola. Apo anthu amakhala asanaiwale zimene zinachitika.

Yambirani m'buku la alembi. Tengani zolemba za misonkhano 6 yapitayi. Pa mfundo iliyonse imene munagwirizana, lembani amene anaibweretsa, amene anapatsidwa ntchitoyo, komanso ngati inachitikadi. Mukapeza kuti pa mfundo 10, zokwana 8 zinachokera kwa inu, dziwani kuti ndinu mtsogoleri wolamula. Khalidweli limathandiza lole ya wogula ikaima pamsewu ndipo mtengo wa thumba ukufunika kudulidwa msanga, koma pakapita nthawi limatseka anthu pakamwa. Ngati mfundo zimachokera kwa anthu ambiri koma sizichitika, ndiye kuti mumadziwa kumvetsera, chikukuvutani ndi kulondoloza.

Mukatero, funsani anthu atatu, aliyense payekha: msungichuma, membala amene amakonda kukutsutsani, ndi wina amene amangokhala phee kumbuyo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mukafunsira pamsonkhano mudzangomva kuti, "Zonse zili bwino, a wapampando," chifukwa kwathu kuno wamkulu sitimudzudzula pagulu. Achibale anu asiyeni. Asiyeninso amene ali ndi ngongole yosabweza, poti adzakuyamikirani kuti muwamvere chisoni.

Funso likhale la nkhani yeniyeni. Osati, "Ndimatsogolera bwanji?" koma, "Mayi, tsiku lija tinakangana za chindapusa cha ochedwa kubweza ngongole, inu munaona kuti ndinalakwitsa pati?" Akayamba kuyankha, musadule mawu ndipo musadziikire kumbuyo. Mukangoti "komatu ine," munthuyo athera pomwepo, sadzakuuzaninso zoona. Zina zidzakuwawani ndithu, paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Lembani mawu awo momwe awanenera, mukawawerenge patapita masiku awiri mtima utakhala pansi.

Yesaninso kujomba msonkhano umodzi mwadala, mutauza wachiwiri wanu pasadakhale kuti atsogolere. Msonkhano ukalephereka chifukwa inu kulibe, ntchito zonse mwazikumbatira nokha. Ukayenda bwino kuposa masiku onse, funsani alembi kuti analankhula ndani amene salankhula inu mukakhalapo.

Pa zofooka zonse zimene mwapeza, sankhani chimodzi chokha choti musinthe m'miyezi itatu, ndipo chikhale chooneka ndi maso. Mwachitsanzo, muzilankhula pomaliza anthu ena atatu atapereka maganizo, kapena mfundo iliyonse izilembedwa pamodzi ndi dzina la woichita ndi tsiku lomalizira. Uzani alembi kuti azikukumbutsani, ndipo miyezi itatuyo ikatha mutsegulenso buku lija muwerenge.