Momwe mungaikire mabushi a polyurethane pa galimoto ya m'misewu yafumbi, ndi pamene simuyenera kuwaika

Hilux yanga ndi ya 2008, ija ambiri amangoitcha Vigo, ndipo moyo wake wonse yakhala ikuzungulira Mitundu, Malingunde mpaka kutsinde kwa Dzalanyama, itasenza feteleza popita, chimanga kapena soya pobwera. Mabushi a labala a kumasipuling'i akumbuyo, aja amakhala polumikizira zitsulo kuti zisagundane, ndinkasintha pafupifupi chaka chilichonse, mpaka ndinatopa n'kuyesa a polyurethane, aja ofiira, abuluu kapena achikasu amene ena amati mabushi a pulasitiki. Funso limene anzanga amandifunsa n'lakuti kodi ndalama yake imabwerera? Yankho langa ndi lakuti inde pa malo ena, ayi pa malo ena, ndipo ngati girisi mumamuiwala, musawagule n'komwe.

Muyambe mwamvetsa kusiyana kwake, chifukwa ntchito yonse yagona pamenepo. Bushi ya labala yopanikizira ija imakhala yomatidwa ku kachubu kachitsulo ka mkati ndi ku chigoba chachitsulo chakunja. Sipuling'i ikamakwera n'kutsika, palibe chimene chimatsetsereka, labala yekha ndiye amapotoka n'kubwerera. N'chifukwa chake safuna girisi ndipo sachita phokoso. Polyurethane samapotoka choncho. Iye amazungulira pa pini kapena pa kachubu kake, ngati chitseko pa hinjesi. Pamene pali kukhulana pamafunika mafuta, ndipo pamene pali mafuta fumbi la ku Malingunde limabwera kudzakhala. Ubwino wake ndi woti oilo ndi dizilo wodontha samufewetsa monga amachitira ndi labala, sang'aluka msanga ndi dzuwa kapena ukalamba, ndipo katundu wolemera samufinya n'kumusiya wophwatalala.

Ndiye sankhani malo. Pa shackle ya masipuling'i akumbuyo (mapuleti awiri olumikiza nsonga yakumbuyo ya sipuling'i ku chasisi), pa diso lakutsogolo la sipuling'i (nsonga yopindidwa ngati mphete), pa stabilizer (chitsulo chochepetsa kupendekeka pa makona) ndi pa panhard rod (chitsulo choletsa axle, yolumikiza matayala awiri ija, kusunthira m'mbali) ya galimoto zimene zili nayo, polyurethane ndimamuvomereza ndi mtima wonse. Koma pa radius arm (mkono wogwiriziza axle ku chasisi) ya Land Cruiser 79 kapena 80, kapenanso ya Land Rover Defender, ine ndimati bwezeranipo labala weniweni. Mabushi a pamenepo amayenera kupindika mbali zonse kuti tayala limodzi likagwa m'chigwembe linzake likhalebe pansi. Mukaikapo olimba, axle simapendekeka mokwanira, tayala limalendewera m'mwamba n'kumangozungulira, ndipo mphamvu imene labala akanaimeza imapita ku mabulaketi owotcherera. Ndaonapo bulaketi itang'aluka pa galimoto ya mnzanga chifukwa cha zimenezi. Ngakhale pa mikono yakutsogolo ya Hilux yangayo ndinasiyapo labala, chifukwa pa msewu wa timizere tija tokhala ngati malata, kunjenjemera konse kumathera m'manja pa chiwongolero.

Pogula, funsani za kulimba kwake. Amayeza ndi nambala yotchedwa Shore A. Labala wa kufakitale amakhala chapakati pa 50 ndi 70, pamene polyurethane amafika mpaka 90 kapena 95. Olimba kwambiriwo ndi a galimoto za mpikisano pa tala. Wa kumudzi atenge ofewerapo, a m'ma 70 kapena kungopitirira pang'ono. Mtundu wa utoto usakupusitseni, kampani iliyonse ili ndi mitundu yake, kufiira sikutanthauza kulimba kulikonse. Mayina odziwika ndi monga SuperPro ndi Old Man Emu a ku Australia, Polybush ndi Powerflex a ku Britain, Energy Suspension a ku America. Ambiri a ife timaitanitsa kudzera mwa opita ku Johannesburg, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake umaluma ndithu. Paketi yeniyeni imakhala ndi dzina, mtundu wa galimoto imene akukwanira, kapepala ka malangizo ndi kasacheti ka girisi.

Apa ndichenjeze. M'misika ya zipangizo za galimoto muli mabushi ofiira ogulitsidwa m'thumba la pulasitiki lopanda dzina, wogulitsa n'kumalumbira kuti ndi orijino. Ena ndi nayiloni wosemedwa pa makina, wouma gwa ngati fupa. Tsinani ndi chikhadabo kapena panani ndi pulayala: weniweni amalowa pang'ono n'kubwerera, wabodza salowa, kapena amasiya chipsera choyera. Kusiyana n'kugula amenewo, bola aja amadula ku matayala akale anyamata a m'mbali mwa msewu. Sakhalitsa, koma mukudziwa chimene mwagula, ndipo sathyola chitsulo.

Tsopano ntchito. Dzulo lake thirani mafuta omasulira dzimbiri pa manati onse. M'mawa imikani galimoto pamalo a fulati, pingani matayala akutsogolo, kwezani kumbuyo n'kukhazika chasisi pa masitandi achitsulo. Njerwa ayi, chonde, zimaphwanyika mosachenjeza. Jeke ikhale pansi pa difu kuti muzikweza kapena kutsitsa axle pang'onopang'ono mpaka sipuling'i itasiya kukoka shackle. Mudzadziwa kuti mwafika pamenepo pini ikayamba kutembenuka mosavuta. Gwirani mbali imodzi kaye, inayo ikhale chitsanzo mukaiwala mmene zinakhalira.

Mabushi a pa shackle ndi a zidutswa ziwiri, amachoka ndi sikuludiraiva basi. Yovuta ndi ya diso lakutsogolo, ya chigoba ija. Ngati mulibe pulesi, boolani labala mozungulira ndi dirilo mpaka kachubu ka mkati katuluke, lowetsani mpeni wa sowo m'dzenjemo, dulani chigobacho malo awiri mosamala kuti musalowe m'chitsulo cha sipuling'i, kenaka chigogodeni ndi tchizulo. Amakaniko ambiri amangowotcha ndi gasi. Ine sindilola: moto umafooketsa chitsulo cha sipuling'i, utsi wake ndi woipa m'chifuwa, ndipo thanki ya mafuta ili pafupi pomwepo. Werenganinso kapepala kaja musanadule, chifukwa mabushi ena anapangidwa kuti alowe m'chigoba chakale, mukachichotsa amakhala akugwedera.

Pano ndiye pamene ndinalakwitsa ulendo woyamba, ndipo ndikupemphani muwerenge modekha. Nditatulutsa mapini a shackle, anali ndi dzimbiri ndi timaenje ting'onoting'ono ngati nthomba. Ndinangowapukuta ndi sanza, ndikuganiza kuti poti labala ankakhalapo bwino, polyurethane amene ndi wolimba akhalaponso. Girisi wa m'kasacheti ndinapaka pang'ono chabe, wotsalayo ndinasunga. Zimenezi zinali mu Okutobala. Mvula itayamba, kumbuyo kunayamba kulira kwiii kwiii pa bampu iliyonse, ndipo pofika Malichi kunali kugogoda kuposa kale. Nditamasula ndinapeza mabowo a mabushi asanduka ngati dzira, mkati muli phala lakuda la girisi, mchenga ndi dzimbiri. Pini yokhakhala ija inkagwira ntchito ya tupa, ulendo uliwonse ikupala bushi kuchokera mkati, madzi a m'zithaphwi akulowetsamo mchenga. Mapiniwo nawo anali atadyeka, ataonda pakati. Ndalama yonse ija inapita mu nyengo imodzi ya mvula, ndipo kwa kanthawi ndinkauza anthu kuti polyurethane ndi wachabe, pamene vuto linali pini.

Ndiye chitani chonchi. Yendetsani chala pa pini iliyonse. Ngati chikhadabo chikukodwa penapake, pini imeneyo yatha, sandipepa sangachotse timaenje. Gulani yatsopano, ndipo ngati thumba likulola gulani ma shackle okhala ndi nipo ya girisi, aja pini yake ili ndi kabowo kodutsa mkati kotulukira pakati pa bushi. Ameneŵa ndi amene anasintha zinthu kwa ine, chifukwa girisi watsopano amalowa chapakati n'kukankhira matope kunja popanda kumasula kalikonse. Diso la sipuling'i ndi dzenje la pa chasisi palani ndi bulashi ya waya ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo mpaka chitsulo chiwale, m'mphepete mosatsala chakuthwa chimene chingacheke mlomo wa bushi. Dzimbiri likatsala mkatimo limapana bushi, pini n'kukanika kulowa, kenaka munthu amatenga hamala n'kuwononga zonse.

Girisi pakani wambiri m'bowo la bushi, pa pini yonse, ndi pa milomo ya m'mbali imene imakhudzana ndi mapuleti a shackle, chifukwa kulira kwambiri kumachokera pa milomoyo. Mkati mwa mabushi abwino mumakhala timizere tosungira girisi, tidzazeni tonse. Gwiritsani wa m'paketi. Akatha, tsatirani mtundu umene kampaniyo yalemba, poti ena amafuna wa silicone, ena wa moly wakuda uja, ndipo chofunika n'choti akhale womata, wosakokoloka ndi madzi. Oilo wakale wa mu injini, amene ndaona ena akuthira, amangodontha tsiku lomwelo n'kusiya pouma.

Kulowetsa n'kosavuta. Chidutswa chimodzi mbali ino, china mbali inayo, ndi manja, kenaka kachubu kachitsulo pakati ngati kalipo, ndi vaisi kapena bawuti yaitali ndi mawashala awiri. Sewerani ndi jeke mpaka mabowo alunjikane, pini ilowe yokha. Manati mungowagwiritsa, musamange kaye. Bwezerani matayala, tsitsani galimoto, igwedezeni kangapo, ndiyeno mangani itaima pa matayala ake, pa mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo. Kumanga mopitirira kumafinya milomo ya bushi, shackle n'kuuma osayenda. Pa bushi iliyonse ya labala imene mwasintha tsiku lomwelo lamulo ili ndi lalikulu kwambiri, chifukwa mukaimanga galimoto ili m'mwamba imakhala yopotoka kale ndipo imang'ambika msanga.

Za stabilizer n'zachidule: mabawuti awiri mbali iliyonse, yezani kunenepa kwa chitsulo musanagule, palani dzimbiri, girisi, bwezerani. Mukagwira chilichonse chakutsogolo pitani ku alayimenti. Pakatha sabata kapena makilomita 500 bwerezani manati onse, makamaka ngati mwakhudza ma U-bolt.

Kuyambira pamenepo ine ndimapopa girisi nthawi iliyonse ndikasintha oilo, komanso ndikangowoloka madzi ofika pa difu. Mabushi achiwiriwa adutsa nyengo zitatu za mvula, ndipo nditapita kukayezetsa COF (satifiketi yoti galimoto ili bwino kuyenda pa msewu) ulendo wapitawu panalibe chogwedera. Galimoto ikakhala yopanda katundu kumbuyo kumamveka kouma kuposa kale, okhala mpando wakumbuyo amadandaula pa msewu wa Dzalanyama, koma ikasenza matumba siyendanso mopepesuka pa makona. Ngati galimoto yanu imayendetsedwa ndi madalaivala osinthanasinthana ndipo palibe amene angagwade pansi ndi pampu ya girisi, kagulireni labala weniweni wa Toyota, mumange itaima pansi.