Chanco, Poly ndi zinzake: mmene mungasankhire yunivesite ya boma masiku ano

Zotsatira za MSCE zikatuluka, funso la makolo ambiri kuno ku Mangochi limakhala lomwe lija: mwanayu apita ku Chanco kapena ku Poly? Kale funsoli linali lokwanira. Lero silikwanira, ndipo banja losankha potengera dzina lokha limatha kumanitsa mwana malo amene akanawapeza. Musanagwire fomu, dziwani chimene chinapatsa mayinawa ulemu ndi pamene ulemuwo wasamukira.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndi ophunzira pafupifupi 90 okha. Mu 1973 Chancellor College (Chanco) inasamukira ku Chirunga ku Zomba. Polytechnic (Poly) inali ku Blantyre, Bunda ku Lilongwe, Kamuzu College of Nursing (KCN) inalowa mu 1979, College of Medicine mu 1991. Makoleji onsewa anali nthambi za yunivesite imodzi, ndipo kwa zaka zoposa 30 m'dziko muno munalibe yunivesite ina ya boma. Ulemu wake unachokera pa zinthu zitatu. Malo anali ochepa kwambiri, moti mwana mmodzi akasankhidwa dera lonse linkadziwa. Boma linkasenza pafupifupi zonse: pogona, chakudya, ndi kandalama ka m'thumba. Ndipo womaliza maphunziro sankavutika kupeza ntchito, chifukwa maofesi a boma ndi makampani ankasowa anthu a digiri.

Zitatu zonsezi zinasintha. Mzuzu University inatsegula zitseko mu 1999. Bunda inachoka mu 2012 n'kukhala maziko a LUANAR. MUST, imene ili ku Ndata m'boma la Thyolo, inalandira ophunzira oyamba mu 2014. Kenako mu Meyi 2021 yunivesite yakale ija inagawidwa patatu: Chancellor College inatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Tsopano mayunivesite a boma alipo 6, kuwonjezera pa a mipingo ndi a anthu wamba monga Catholic University ku Nguludi, University of Livingstonia ndi DMI St John the Baptist imene ili ndi kampasi konkuno ku Mangochi. Ophunzira anachuluka koma mahositelo sanachuluke mofanana nawo. Fizi inakhala udindo wa banja. Kutsekedwatsekedwa kwa makoleji, monga kwa mu 2011 pamene Chancellor College inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa pa nkhani ya ufulu wa aphunzitsi, kunachititsa makolo ena kuyamba kuwerengera zaka zimene mwana angathe pasukulu, osati dzina la sukulu lokha.

Tanthauzo lake ndi ili: ulemu sunathe, koma unachoka pa chipata cha koleji n'kupita pa kosi. Wolemba ntchito lero amayamba wafunsa chimene munaphunzira, kenako kumene munaphunzira. Palinso chisokonezo chimodzi chofunika kuchichotsa. Amalume amene anamaliza ku Poly chaka cha 2021 chisanafike ali ndi pepala lolembedwa University of Malawi, ndiye akamati "lembera ku UNIMA" amakumbukira yunivesite yomwe inali ndi zonse. UNIMA ya lero ndi ya ku Zomba. Wofuna udokotala kapena unamwino wa ku KCN wakale akaupeza ku KUHeS, ndipo wofuna makosi a Poly akawapeza ku MUBAS.

Yambani ndi magiredi, osati mapointi okha

Chofunika choyamba ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Mwana wa giredi 7 m'Chingerezi, ngakhale maphunziro ena atawakhoza bwino chotani, khomo la digiri latsekeka mpaka atalembanso.

Mapointi amanamiza ngati simuyang'ana kumene achokera. Taonani ana awiri, onse a mapointi 16. Woyamba ali ndi 2 m'masamu, 2 mu Physics, 3 mu Chemistry, 2 mu Biology, 3 mu Geography ndi 4 m'Chingerezi. Wachiwiri ali ndi 1 m'Chichewa, 1 m'phunziro la zachipembedzo, 2 mu History, 2 mu Social Studies, 4 m'Chingerezi ndi 6 m'masamu. Kumudzi onse awiri adzayamikiridwa mofanana, koma woyamba angapikisane pa uinjiniya ndi zaumoyo, pamene wachiwiri mphamvu zake zili pa uphunzitsi wa zilankhulo, mbiri ndi maphunziro a zachikhalidwe. Wachiwiriyu akadzaza fomu yake ndi makosi a sayansi chifukwa chakuti ndiwo otchuka, fomu yonse yapita pachabe.

Choncho tengani chikalata chimene bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro apamwamba, limatulutsa poitana ofunsira malo, ndipo werengani zofunika pa kosi iliyonse payokha. Lembani magiredi a mwana pambali pake. Kosi imene phunziro lake limodzi lofunika likusowa, ifufuteni nthawi yomweyo. Izi zimakhudza kwambiri ana a masukulu a CDSS amene sanalembe Physics kapena Chemistry chifukwa chosowa labotale kapena mphunzitsi. Makolo a ana amene akadali mu Folomu 2 ndi 3, nkhani yosankha yunivesite imayambira pamenepo, pa maphunziro amene mwana wawatenga kapena kuwasiya.

Kumbukiraninso kuti ndondomeko ya kota, imene inabwerera mu 2009 n'kumagawa malo potengera maboma, inathetsedwa mu 2020. Mwana wa ku Namwera kapena Monkey Bay akupikisana ndi dziko lonse. Nkhani yoti "m'bale wake anatengedwa ndi mapointi omwewa" isakhale muyeso ngati m'baleyo analowa nthawi ya kota.

Kosi iliyonse ili ndi kwawo

Zamalamulo, uphunzitsi wa ku sekondale, zachuma, sayansi ndi zaluso zili ndi mizu yakuya ku UNIMA. Koma dziwani kuti digiri ya zamalamulo ku Zomba salowa mwachindunji kuchokera ku Folomu 4. Munthu amayamba kaye kosi ina, akhoze bwino chaka choyamba, kenako afunsire ndi kulemba mayeso olowera. Wofuna uloya asankhe kosi yoyambira imene angaikhoze bwino ndiponso imene angakhutire nayo ngati khomo la zamalamulo silitseguka, pakuti opikisana ndi ambiri. 

Uinjiniya wa misewu, magetsi ndi makina, zomangamanga, zowerengera ndalama ndi utolankhani, kwawo kwakale ndi ku MUBAS. MUST ndi yaing'ono m'zaka, koma ili ndi makosi amene kale kunalibe, monga uinjiniya wa zida za kuchipatala, zamiyala ndi migodi, ndi zanyengo. Makolo oidelera chifukwa sanaimvepo ali anyamata akulakwitsa.

Mwana wa kunyanja asanyoze zimene wakula akuziona. LUANAR ndi Mzuzu University zimaphunzitsa za nsomba ndi ulimi wa nsomba, ndipo Mzuzu University ili ndi makosi a zokopa alendo ndi kuyendetsa mahotela. M'boma limene lili ndi Maldeco, madooko ambirimbiri a asodzi, malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, ndi Lake Malawi National Park, makosi amenewa si achiwiri kwa ena. Pa nthawi yophunzira ntchito mwana angapeze malo pafupi ndi kwawo, n'kumagona pakhomo. Zaumoyo nazo zili ndi phazi kuno: KUHeS ili ndi kampasi ku Mangochi kumene ophunzira ake amabwera kudzaphunzira zaumoyo wa m'madera.

Kasanjidwe ka zosankha

Fomu imalola kusankha makosi angapo motsatana, ndipo apa ndi pamene ana anzeru ambiri amagwera. Amadzaza mipata yonse ndi makosi olimbiranidwa kwambiri: udokotala, zamankhwala, uinjiniya, zowerengera ndalama. Akalephera loyamba, enawo amakhala atadzaza kale ndi anthu amene anakhoza kuposa iye, ndipo mwana wa mapointi abwino amatsala pakhomo pamene mnzake wa mapointi ochulukirapo watengedwa. Msodzi saponya makoka ake onse pamalo amodzi. Pamwamba ikani kosi imene mwana akuifunitsitsa ndipo magiredi ake akuilola. Pakati ikani zimene magiredi ake akuposa zofunika. Pansi ikani imodzi kapena ziwiri zimene anthu sathamangirako kwambiri koma mwana angaziphunzire ndi mtima wonse. Mawu akuti ndi mtima wonse tikuwanena dala, chifukwa kusintha kosi mutalowa kale n'kovuta, ndipo wolowa kosi imene sakuifuna ndiye amayamba kugwa mayeso. Musamangirire zosankha zonse pa yunivesite imodzi. Uphunzitsi, mwachitsanzo, umapezeka m'mayunivesite angapo.

Aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi a Folomu 4 amadziwa kumene ana a sukulu yawo anatengedwa zaka zapitazi komanso ndi magiredi otani. Afunseni musanatumize.

Podzaza fomu, zolakwika zing'onozing'ono ndi zimene zimapweteka. Dzina lilembedwe ndendende mmene lilili pa zotsatira za MANEB. Kuno mayina ambiri amalembedwa m'njira ziwiri kapena zitatu, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi pakati pa satifiketi ndi chiphaso cha unzika kumadzavutitsa polembetsa ndi pofunsira ngongole, choncho kukonzeni msanga. Nambala ya mayeso ndi chaka cholembera muzibwereze kuwerenga. Lisiti ya ndalama yofunsira malo muisunge ndi kuijambula pa foni. Nambala ya foni ikhale ya munthu wopezeka nthawi zonse. Amene muli ku Makanjira, Katuli kapena Chilipa, kumene netiweki imavuta, musadikire sabata yomaliza. Mukapita pa malo a intaneti pa boma, mwana akhale pomwepo ndi pepala la zosankha lolembedwa kale, woyendetsa kompyuta asamusankhire. Ndipo malo a ku yunivesite ya boma sagulitsidwa. Wokuimbirani foni kuti mutumize ndalama kuti dzina la mwana lituluke ndi wakuba.

Werengerani mtengo wa zaka zonse

Digiri zambiri ndi za zaka 4, uinjiniya zaka 5, udokotala kupitirira apo. Fizi ndi gawo limodzi chabe. Kusankhidwa sikutanthauza kupatsidwa bedi m'hositelo, n'chifukwa chake ophunzira ambiri amachita lendi ku Chikanda ku Zomba, ku Chitawira ndi madera oyandikira ku Blantyre, kapena ku Luwinga ku Mzuzu. Onjezani chakudya, laputopu, mabando a intaneti, zosindikiza ndi thiransipoti. Kuchokera ku Mangochi, Zomba ndi pafupi kudzera ku Liwonde, ndipo kholo lingatumize ufa ndi usipa mosavuta. Mzuzu ndi ulendo wa tsiku lonse. Kutalika kokha kusalepheretse mwana kosi yabwino, koma kulowe m'masamu a banja.

Bungwe la HESLGB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limapereka ngongole kwa ophunzira osowa. Ngongoleyi siibwera yokha chifukwa mwana wasankhidwa. Amafunsira payokha, pa nthawi yake, ndi umboni wa mmene banja lilili, ndipo si onse ofunsira amene amalandira. Ndi ngongole ndithu, yoyenera kubwezedwa akamaliza. Banja likonze ndalama ya semesita yoyamba ngati kuti ngongoleyo kulibe, chifukwa imatha kuchedwa sukulu itatsegula kale. Mabungwe a mipingo, a Chisilamu ndi ena othandiza pa maphunziro muwafikire mutangoona dzina, kalata yosankhidwa ili m'manja.

Ngati dzina silinatuluke

Oyenerera amachuluka kuposa malo chaka chilichonse, choncho kusatengedwa sikutanthauza kuti mwana analephera. Ngati phunziro limodzi kapena awiri ndi amene anamugwetsa, kubwereza kuli ndi phindu. Mayunivesite a boma ena, monga Mzuzu University ndi LUANAR, ali ndi maphunziro a patali otchedwa ODeL amene amafunsiridwa mwapadera. Dipuloma nayo ndi njira yeniyeni: Malawi College of Fisheries ili pa Mpwepwe konkuno, Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa ogwira ntchito zachipatala, Domasi College of Education imaphunzitsa aphunzitsi, ndipo wa dipuloma atagwirako ntchito angalowe digiri kudzera pa khomo la akuluakulu.

Pa mayunivesite omwe si a boma, apa ndi pamene dzina la yunivesite ya boma likadali ndi mphamvu yeniyeni, chifukwa pepala lake silifunsidwa mafunso ambiri, pamene la kwina liyenera kufufuzidwa musanalipire. Kulembetsedwa kwa sukulu ndi NCHE ndi chinthu china, kuvomerezedwa kwa kosi ndi chinthu chinanso. Sukulu ingakhale yolembetsedwa koma kosi imene mwana akufuna isanavomerezedwe, kapena yovomerezedwa pa kampasi ina osati imene iye akapiteko. Onani mndandanda wa NCHE wa chaka chomwecho, mupeze dzina la kosi ndi kampasi yake. Pa unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council of Malawi, pa zachipatala ku Medical Council of Malawi, pakuti popanda chilolezo cha mabungwewa womaliza maphunziro sangagwire ntchitoyo. Kenako pitani mukaone ndi maso: laibulale, labotale ngati kosi ndi ya sayansi, aphunzitsi okhazikika angati, ndi kumene ophunzira amakachitira maphunziro a ntchito. Funsani ophunzira a chaka chachitatu ngati zotsatira za mayeso zimatuluka pa nthawi yake, ndipo ndalama ya fizi muikaike ku akaunti ya sukulu ku banki, osati m'manja mwa munthu.