Asodzi, lekani kukokera makoka pa udzu wa pansi pa madzi

Chaka chino madooko angapo a kuno ku Mangochi ndikupezapo milu ya udzu wobiriwira itaunjikidwa pa mchenga, mizu yoyera ili panja ikuuma ndi dzuwa, ndipo ukafunsa alovi amangoti ndi zinyalala zimene khoka latulutsa. Zinyalala? Anzanga, umenewo ndi udzu wa pansi pa madzi, malo okulira tiana ta chambo, ndiye mukauzula chonchi mukuganiza kuti kasawala akabisala kuti, mcheni ndi akakowa akamusiya bwanji ali poyera pa mchenga wokhawokha.

Vuto ndi loti ambiri mumautenga ngati ndere, zongomera zokha zomwe mawa zibweranso. Ayi. Ndere zilibe mizu zilibe maluwa. Udzu uwu, wa masamba aatali opyapyala uja akatswiri amautcha Vallisneria, ndi chomera chenicheni, uli ndi mizu, umachita maluwa, ndipo umafalikira ndi timitsitsi toyenda pansi pa mchenga kuchoka pa tsinde lina kukaphukira patsogolo. Kaberekedwe kake nkovuta kale, maluwa aamuna amathothoka pansi nkuyandama pamwamba pa madzi, lachikazi limakwera ndi kaphesi kake kukadikira pamwambapo, zikakumana kaphesi kaja kamapotana nkubweza mbewu pansi. Tsono inu chingwe cha pansi cha khoka cholemera ndi miyala chikadutsa, sichidula masamba okha, chimazula tsinde ndi timitsitsi tomwe, chimavundula matope, madzi amada, dzuwa silifikanso pansi ndipo wotsala uja nawonso umafa pang'onopang'ono. Kukoka kamodzi malo akhoza kuchira. Koma mukukoka m'mawa, masana, usiku, sabata yonse malo omwewo.

Udzu umenewu uli ndi abale ake kunyanja ya mchere. M'banja lake lomwelo la Hydrocharitaceae muli Thalassia, Halophila ndi Enhalus, zomera m'magombe a Mozambique, Tanzania ndi Kenya. Padziko lonse mitundu ya udzu wa m'nyanja za mchere ndi pafupifupi 70 basi, yochepa ndithu, koma ndi imene imalera tinsomba ndi nkhanu, imagwira mchenga kuti mafunde asakokolole gombe, ndipo ku zilumba za Bazaruto ku Mozambique nyama yaikulu ya m'madzi yotchedwa dugong imadya udzu womwewo. Kumeneko nako akulira ndi makoka okokera kumtunda komanso maneti a udzudzu, nkhani yake ndi imodzimodzi ndi yathu.

Ndipo ife sitikusowa kukaphunzira kutali, Malombe ali pakhomo pompano. Mu 1982 nyanja imeneyi inatulutsa chambo chopitirira matani 8,000, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsika pansi pa matani 1,000. Nyanja yosaya, makoka a nkacha ndi a kambuzi akupala pansi tsiku ndi tsiku, udzu unatha, kunatsala matope. Mpake mu 1993 kunayambika zoti asodzi eni ake azitenga nawo mbali posamala nyanja kudzera m'makomiti a pa dooko otchedwa BVC (Beach Village Committee), kenaka lamulo la zausodzi la 1997 linabwera kudzalimbikitsa zomwezo. Zaka zonsezi zapita chambo cha Malombe sichinabwerere mmene chinalili, ndiye munthu lero nkumandiuza kuti nsomba ndi za Mulungu sizitha, makolo athu ankakoka chomwechi. Makolo ake ati? Makolo anali ndi makoka owerengeka, a maso akuluakulu, sankasokerera neti ya udzudzu kuthumba kwa khoka. Neti imene boma lapereka ulere kuti mwana asadwale malungo inu mwaipititsa kunyanja, kunyumba mwana akulumidwa ndi udzudzu, kunyanja mukusesa tiana ta chambo tosakwana ndi chala chomwe. Zimandipweteka kwambiri zimenezi.

Bambo wina wachikulire amene anasiya khoka nkuyamba matchera anandiyimitsa tsiku lina nditamaliza msonkhano. Akuti kale kuseri kwa bango la kwawo madzi akakhala bata umaona udzu ukugwedezeka pansi, chambo chachikazi chikubwera kudzalavula ana ake mkamwa pamenepo, tiana tambirimbiri tikulowa m'masamba. Mwana wawo atagula khoka anati udzuwo ukukola chingwe, analemba anyamata ganyu kuti auzule ndi manja kuti pakhale poyera pokokera. Miyezi yoyamba anapha zedi mpaka anagula njinga yamoto. Pano pamalopo akakoka mumatuluka nkhono ndi matope, mwanayo akupalasa mtunda wautali kukasaka nsomba ndipo njinga ija anagulitsa kuti alipire alovi. Bambowo sankadandaula za njinga ayi, ankangobwereza kuti malo aja anawasiya ndi agogo awo.

Chimene anthu simuwerengera ndi chakuti kasawala wodzaza ndowa amene mwagulitsa motchipa lero akanakula, chimodzi chokha chikanagulidwa mtengo woposa mulu wonse wa tianato. Onjezanipo mafuta a injini opita kutali, nthawi, ndi khoka long'ambika. Komanso pa masamba a udzuwo pamamera tindere ndi tizilombo timene nsomba zina za mtundu wa kambuzi zimadya, ndiye mukachotsa udzu mwachotsa chakudya ndi pogona nthawi imodzi.

Zochita zake nzodziwika kale, tanena m'misonkhano mpaka mawu kusasa. A BVC pamodzi ndi amfumu yendani pa bwato madzi akadekha, onani pamene udzu watsala, zikani mitengo kapena mangani zigubu zoyandama, pamenepo khoka lisadutse chaka chonse, osati nthawi yotseka nyanja yokha. Neti ya udzudzu ibwerere kuchipinda. Nangula musaponye pa udzu, ndipo bango la m'mbali musatenthe. Ofuna ndiwo pafupi ndi malowo agwiritse mbedza kapena mono. Malo amene anapalidwa kale asiyeni osawakhudza, ngati timitsitsi tina tatsala tiphukira tokha, ndipo wokana kumva mukamunene ku ofesi ya zausodzi ya m'dera lanu.