Printa yomwe inkasowa pa netiweki magetsi akangozima

Pa ofesi yathu kuno ku Mchinji, magetsi akazima n'kuyakanso makompyuta onse ankakana kusindikiza. Printa ili chiyakire, koma kompyuta ikuti "offline". Kusintha chingwe, kuikanso madalaivala (mapulogalamu othandiza kompyuta kugwira ntchito ndi printa), zonsezo zinkangogwira mpaka magetsi adzathimenso.

Vuto linali pa rauta, kabokosi kolumikiza makompyuta ndi printa pa netiweki. Ikayakanso imagawa manambala a IP (manambala opezera chipangizo chilichonse pa netiweki) mwatsopano, ndiye printa inkalandira nambala ina pomwe makompyuta akuifunabe pa yakale.

Ndinasindikiza tsamba la netiweki pa printa pomwepo kuti ndione MAC address yake, nambala yomwe printa imabwera nayo kuchokera ku fakitale ndipo sisintha. Kenako ndinalowa mu rauta, pa gawo la DHCP reservation (pomwe mumauza rauta kuti izipatsa chipangizo IP imodzimodzi nthawi zonse), n'kumangirira MAC ija ku IP ya 192.168.1.50. Apa m'pofunika kudekha: MAC ili ndi zilembo ndi manambala 12, ndipo mukaphonya chimodzi rauta sidandaula, imangosunga zolakwikazo. Komanso printa yokhala ndi Wi-Fi ndi chingwe imakhala ndi MAC ziwiri, choncho tengani ya njira imene mukugwiritsa ntchito.

Pomaliza ndinaikanso printa pa kompyuta iliyonse ndi IP imeneyo, n'kuilemba m'kaundula wa katundu wa ofesi komanso pa kapepala komata pa printapo. Ndalama inangopita ya selotepi basi.