Musanapite kokagona m'bwato panyanja yamchere

Anzanga a ku Mzuzu amene munaphunzira kusambira pansi pa madzi ku Nkhata Bay, ngati mukupita kokakhala m'bwato masiku angapo ku Red Sea (Nyanja Yofiira) kapena kuzilumba za Raja Ampat ku Indonesia, dziwani kuti madzi amchere amayandamitsa munthu kuposa a nyanja yathu. Pemphani zitsulo zolemetsa zowonjezera, muziyese tsiku loyamba. Mankhwala a chizungulire guliranitu kuno, pakati pa nyanja palibe sitolo.

Chachikulu nachi: mukalowa pansi masiku otsatizana, dikirani maola osachepera 18 musanakwere ndege, kuti mpweya wa naitirojeni, umene umachuluka m'thupi munthu akakhala pansi pa madzi, utuluke. Ngakhale konkuno, Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo kukwera mtunda wotere kuli ngati kukwera ndege, ndiye mukavuuka ku Nkhata Bay musathamangire minibasi, gonani komweko kaye.