Kulembera kalata m'bale wanu amene ali kundende

Kalata yopita kundende imatsegulidwa isanafike kwa mwini wake. Woyamba kuiwerenga ndi msilikali wa ndende, ndipo ikalowa m'chipinda momwe anthu amagona mothithikana, anzake nawonso amafuna kumva zakunja. Polemba muzidziwa kuti padutsa maso ambiri. Ine ndimalembera achimwene anga, ndipo izi ndi zomwe ndimauza amayi anzanga tikakumana pamzere wa pageti.

Yambani mwafufuza komwe munthu wanu ali lero. Akaidi amasamutsidwa. Amene anali pa rimandi (kusungidwa podikira kuti mlandu uweruzidwe) ku Chichiri kapena ku Maula akhoza kupezeka ali ku Zomba kapena ku Mikuyu chigamulo chikaperekedwa, kumudzi osadziwa. Funsani pageti, kapena a bungwe la PASI, omwe amalowa m'ndende kukathandiza akaidi pa nkhani za malamulo. Pomwepo pemphaninso keyala yeniyeni ya ndendeyo.

Pa envelopu lembani dzina lomwe lili m'mapepala a kukhothi. Kwathu achimwene timawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, koma kundende palibe amene akulidziwa dzina limenelo. Pansi pake lembani kuti kalata ikudzera kwa Officer in Charge (mkulu wa ndendeyo), kenako dzina la ndende ndi keyala. Kuseri ikani dzina lanu ndi keyala yanu. Mukhoza kukaponya ku positi ofesi, koma ngati pali wachibale amene akupita kukazonda, mpatseni akapereke pageti limodzi ndi sopo ndi shuga.

Ndalama, simu khadi, lezala kapena mankhwala, musayerekeze kuika m'envelopu. Zikapezeka, wolowa m'mavuto ndi m'bale wanu yemweyo, ndipo akhoza kutaya mwayi woduliridwa masiku chifukwa cha khalidwe labwino. Chithunzi cha ana, pepala loyankhirapo ndi sitampa, funsani kaye asilikali ngati akulola.

Za mlandu zisiyeni, makamaka munthu akadali pa rimandi. Mawu oti "talankhula naye mboni uja" akhoza kumupweteka kukhothi. Zimenezo ndi za iye ndi loya wake.

Lembani zimene munthu wotsekeredwa amazilakalaka: mvula yoyamba yagwa liti, ndani wapalira munda wake, mbuzi ija yaswa ana angati, mwana wakhoza bwanji mayeso a Sitandade 8. Achimwene anandiyankhapo tsamba lonse lodzaza mafunso okhudza mtengo wa mango wa kuseri kwa khitchini: kodi wachita maluwa, kodi ana a oyandikana nawo akugendabe, kodi nthambi yotsamira padenga ija inadulidwa. Zazing'ono zoterozo ndi zomwe zimamuuza kuti malo ake pakhomo akadalipo. Musamunamize kuti zonse zili bwino, amadziwa mmene anasiyira zinthu. Koma musamusenzetse ngongole ndi mikangano yomwe sangachitepo kanthu ali mkati. Ndipo chonde, musalonjeze tsiku lokamuona ndalama ya basi musanaipeze, chifukwa iye amadikiradi.

Pamwamba ikani deti. Lembani zilembo zikuluzikulu, poti m'chipinda kuwala n'kochepa, ndiponso mwina amuwerengera ndi mnzake.

Uthenga wa maliro usapite pa kalata. Pitani nokha, kapena pemphani abusa a kundende akamuuze pamaso, kuti asaumve ali yekha usiku atatsekeredwa.

Kulemberana ndi abale si chifundo chabe cha asilikali. Malamulo a bungwe la United Nations a chaka cha 2015, otchedwa Nelson Mandela Rules, amati mkaidi aziloledwa kulemberana makalata ndi banja lake komanso kuyenderedwa. Yankho likachedwa, musafulumire kuganiza kuti wakwiya. Nthawi zambiri amakhala alibe pepala kapena cholembera. Lembaninso, ndipo tsiku lokazonda mukamufunse ngati analandira. Ngati sanalandire, pemphani mwaulemu kuonana ndi Officer in Charge, mutchule deti lomwe munatumiza.